Galimoto yamakedzana yaliwiro: musakomedwe ndi penti

Ndi yaifupi, ya mipando iwiri yokha, ndipo denga lake ndi lansalu lochita kupinda. Ikadutsa pamsika, ngakhale ogulitsa tomato amayamba aicheukira. Koma wogula akapanda kusamala, galimoto yomweyo imameza ndalama za fizi ndi za feteleza, mapeto ake n'kukhala pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira.

Imodzi mwa galimoto zotere yomwe anthu ambiri amayambira ndi MGB, yomwe inkapangidwa m'tauni ya Abingdon ku England kuyambira 1962 mpaka 1980. Anapanga zoposa 500,000, n'chifukwa chake mpaka lero sizivuta kupeza ku Britain. Zomwe zinkagulitsidwa kumeneko chiwongolero chake chili kumanja ngati galimoto zathu zino.

Pogula galimoto yazaka zoposa 40, chachikulu si kuwala kwa penti kapena kulira kwa injini. Chachikulu ndi thupi lake. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo nyerere za MGB ndi dzimbiri.

Galimotoyi ilibe chasisi chapadera ngati lole. Thupi lake lomwelo ndiye msana wake, ndipo mphamvu zambiri zili m'zitsulo za m'munsi mwa zitseko. Ku Britain amathira mchere m'misewu nyengo yozizira kuti madzi asaundane, ndipo mcherewu umadya zitsulozi kuyambira m'kati. Zikawola, galimoto imayamba kupindika pakati.

Choncho musagule usiku kapena mvula ikugwa. Tengani tochi ndi kamaginito. Pomwe maginito akukana kugwira, dziwani kuti wina adamata phala pobisa bowo. Penti yotukusira ngati matuza ndi chizindikiro choti dzimbiri likutuluka. Vundukulani makapeti muone pansi, suzumirani m'buti, kenako imikani galimoto pa jeke n'kutsegula zitseko. Zikamavuta kutseka, bwezani ndalama zanu m'thumba.

Injini si yoopsa kwenikweni. Ndi ya 1,798cc, ilibe kompyuta, ndipo makaniko wozolowera galimoto zakale atha kuikonza. Pemphani kuiliza isanatenthe, chifukwa injini yotenthetsa kale imabisa matenda. Utsi wobiriwira ngati thambo ukutanthauza kuti ikudya oyilo. Zoyera ngati chambiko pansi pa chitsekerero cha oyilo zitha kutanthauza kuti madzi akusakanikirana ndi oyiloyo.

Nzeru yake ndi iyi: bola galimoto ya injini yotopa koma thupi labwino, kusiyana ndi ya injini yabwino koma thupi lowola. Injini amamasula n'kuikonza. Thupi ndiye lodula. Kampani ya British Motor Heritage yakhala ikupanga matupi atsopano a MGB kuyambira 1988, koma mtengo wake umatha kuposa womwe mwagulira galimoto yonse.

Mapepala nawo ndi ofunika. Nambala ya chasisi ifanane ndi yomwe ili m'buku la galimoto, ndipo funsani malisiti a zomwe zidakonzedwapo. Dziwaninso kuti kuyambira 2018, galimoto zambiri zazaka zoposa 40 ku Britain sizikakamizidwa kupimidwa chaka ndi chaka. Ndiye ngati mukuitanitsa muli kuno, zithunzi za pa intaneti zisakukwanireni. Tumani wachibale kapena lipirani makaniko akaione ndi maso.

Ikafika kuno, pali zina zoti muganizire. Injini zambiri zakale zidapangidwira petulo wokhala ndi mtovu, yemwe adasiya kugulitsidwa. Funsani ngati mutu wa injini udakonzedwa kuti ugwirizane ndi petulo wa masiku ano. Komanso dziko lino lidayamba kusakaniza petulo ndi ethanol mu 1982, ndipo ethanol amafooketsa mapaipi akale a labala. Asintheni msanga, chifukwa petulo akadontha pa injini yotentha ndi moto basi.

Misewu yathu nayo siimvera chisoni galimoto yaifupi. MGB zomwe zidatuluka kuyambira kumapeto kwa 1974, za mabampa akuda a labala, adazikweza pang'ono. Okonda galimotozi ambiri amazinyoza, motero zimatsikirako mtengo, koma pa mahampu ndi maenje ndi zomwe zingapirireko.

Musanalipire, werengerani zonse: mtengo wa sitima, ulendo wochokera kudoko, msonkho wa MRA, inshuwalansi, ndi masipeya omwe muziitanitsa kunja pogwiritsa ntchito ndalama zakunja. Funsani za msonkho galimoto isananyamuke, osati itafika kale pachipata.

Pomaliza, kambiranani kaye m'banja. Galimoto ya mipando iwiri singanyamule ana, matumba a chimanga kapena wodwala wopita naye kuchipatala. Ndi yosangalalira Loweruka ndi Lamulungu. Ngati ndalama zake zikuchokera pa zofunika za pakhomo, dikirani kaye. Galimoto yomwe yadikira zaka zoposa 40 singalephere kukudikirani chaka china.