602,305 (nambala)

602,305 ndi nambala yathunthu yomwe imabwera pambuyo pa 602,304 ndipo imatsatiridwa ndi 602,306. Ku Malawi nambalayi ndi chiwerengero cha anthu a m'boma la Mchinji, kumalire ndi Zambia, malinga ndi kalembera wa anthu ndi nyumba yemwe bungwe la National Statistical Office linachita mu 2018. Chiwerengerochi chikuphatikiza anthu a m'madera a mafumu onse a bomali, kuphatikizapo dera la Inkosi Zulu. Pa kalembera yemweyo dziko lonse linali ndi anthu 17,563,749, choncho pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 29 aliwonse ankakhala ku Mchinji.

Kagawidwe kake

Nambalayi siigawika ndi 2 chifukwa imathera ndi 5, ndipo pa chifukwa chomwecho imagawika ndi 5. Manambala oilembera akaphatikizidwa (6 + 0 + 2 + 3 + 0 + 5) amapereka 16, ndipo 16 sagawika ndi 3. N'chifukwa chake 602,305 siigawika ndi 3 kapena 9. Imagawika ndi 11, pakuti 5 − 0 + 3 − 2 + 0 − 6 = 0.

Nambala ya prime ndi yomwe imaposa 1 koma imagawika ndi 1 ndi iyo yokha basi. 602,305 si ya prime, koma imapangidwa pochulukitsa manambala anayi a prime:

602,305 = 5 × 11 × 47 × 233

Popeza palibe prime yobwerezedwa, manambala oigawa popanda chotsala alipo 2 × 2 × 2 × 2 = 16. Manambalawa ndi 1, 5, 11, 47, 55, 233, 235, 517, 1,165, 2,563, 2,585, 10,951, 12,815, 54,755, 120,461 ndi 602,305. Mwachitsanzo, anthu 602,305 atha kugawidwa m'magulu 233 a anthu 2,585, koma akagawidwa m'magulu 10 ofanana pamatsala anthu 5.

Gulu lake

Manambala oigawa akaphatikizidwa, kupatula iyo yomwe, amakwana 206,399. Chiwerengerochi n'chochepa kuposa 602,305, choncho nambalayi ili m'gulu la manambala operewera. Manambala monga 6 ndi 28, omwe owagawa ake amakwana ndendende nambalayo, amatchedwa angwiro.

602,305 si sikweya ya nambala yathunthu iliyonse: ili pakati pa 776 × 776 = 602,176 ndi 777 × 777 = 603,729.

Manambala 5 ndi 233 ali mu mndandanda wa Fibonacci, pamene 11 ndi 47 ali mu mndandanda wa Lucas. M'mindandanda yonse iwiri, nambala iliyonse imapezeka pophatikiza awiri am'mbuyo mwake.

M'kalembedwe ka binary, komwe makompyuta amagwiritsa ntchito, nambalayi imalembedwa 10010011000011000001.