Pulogalamu Yojambulira Nyimbo: Kusintha Kapena Kudikira?

M'makwalala a ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi si chachilendo kumva ng'oma za pakompyuta zikugunda m'kachipinda kamene mwini wake amakatcha situdiyo. Kawirikawiri mwiniwakeyo amakhala mnyamata amene analemba mayeso a Fomu 4 zaka zingapo zapitazo. Ntchito sanaipeze, koma anapeza laputopu yogwirapo kale ntchito, maikolofoni imodzi ndi matiresi akale amene anawatsamiritsa kukhoma. Amajambula makwaya a m'mipingo ndi oyimba ongoyamba kumene, ndipo kangachepe kamene amalandira ndi komwe amagulira ufa ndi mayunitsi a magetsi.

Tsiku lina potsegula kompyuta amapeza uthenga wonena kuti mtundu watsopano wa pulogalamu yake watuluka. Anzake nawo amamunyogodola kuti tsobola wakale sawawa. Mtima wake umayamba kugawanika: alipire, kapena apitirize ndi imene anaizolowera?

Choyamba n'kudziwa kumene uthengawo wachokera. Pulogalamu ya Cubase, imene inayamba m'chaka cha 1989, imapangidwa ndi kampani ya Steinberg ya ku Hamburg m'dziko la Germany, ndipo kampaniyi tsopano ili m'manja mwa Yamaha. Mtundu watsopano ukatuluka, amene anagula wakale amalipira ndalama yowonjezera kuti aulandire. Palibe chinyengo pamenepa, pakuti umo ndi mmene kampani imapezera malipiro a antchito ake. Komabe uthengawo ndi wa wamalonda, ndipo wamalonda sanena kuti katundu amene anakugulitsa chaka chatha akadali wabwino. FL Studio, imene achinyamata ambiri kuno amaikonda, ili ndi lamulo lina. Inayamba ndi dzina lakuti FruityLoops, n'kusintha dzina mu 2003, ndipo kampani yake ya Image-Line ya ku Belgium imapereka mitundu yonse yatsopano kwaulere kwa munthu amene anagula kamodzi.

Mitengo ya mapulogalamu amenewa imatchulidwa m'madola kapena m'mayuro. Mphamvu ya kwacha itachepetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imene woyimba wa ku Hamburg angaione ngati yochepa inasanduka katundu wolemera kwa mnyamata wa ku Kawale.

Koma funso lalikulu si la mtengo. Ambiri amalipira poganiza kuti nyimbo zawo ziyamba kumveka ngati za pawailesi, ndipo apa ndi pamene amakhumudwa. Mawu a woyimba amalowa m'maikolofoni, n'kudutsa m'kabokosi kamene kamawasandutsa manambala, ndipo pulogalamu imangolandira manambalawo ndi kuwasunga. Mvula ikamawomba malata panthawi yojambula, Cubase ya chaka chino idzasunga phokosolo mokhulupirika monga mmene ikanachitira ya zaka khumi zapitazo. Chipinda cha makoma osalala chimabweza mawu, ndipo kubwezako kumalowa m'nyimbo. Woyimba akaphonya liwu, zida zilipo zolikokera pamalo pake, koma khutu la mphunzitsi wa kwaya limazindikira msoko.

Mbiri ya kujambula nyimbo ili ndi umboni wokwanira. Mu 1979 kampani ya TEAC inatulutsa Portastudio 144, makina ojambulira pa kaseti wamba amene ankalola mizere 4 yokha ya mawu. Mu Januwale 1982 Bruce Springsteen anajambula nyimbo pamakina otere kunyumba kwake ku New Jersey, cholinga chake chili chongowonetsa gulu lake mmene nyimbozo zikhalire. Atapita ku situdiyo yeniyeni kukazijambulanso, anaona kuti mzimu wa nyimbo zija wathawa. Chimbale cha Nebraska chimene chinatuluka chaka chomwecho chinachokera pa kaseti ya kunyumba ija. Patapita zaka 37, Billie Eilish ndi mlongo wake Finneas anatulutsa chimbale chimene anachijambulira m'chipinda chogona ku Los Angeles, ndipo mu 2020 chinalandira mphoto ya Grammy monga chimbale chopambana zonse. Pulogalamu iliyonse ya lero, ngakhale yakalekale, imapereka mizere yochuluka kuposa imene Springsteen anali nayo.

Pali choopsa china chimene uthenga wa wamalonda suchitchula mokweza. Wojambula nyimbo sadalira pulogalamu yaikulu yokha, koma amaonjezamo timapulogalamu tina totchedwa plugin, tomwe timapereka mawu a limba, gitala kapena ng'oma. Njira ya VST yolumikizira timapulogalamuti inayambitsidwa ndi Steinberg yomweyo mu 1996. Cubase 9 itatuluka kumapeto kwa 2016, inasiya kulandira ma plugin akale a 32-bit. Munthu amene anasintha mosafunsa anatsegula nyimbo zake n'kupeza mizere ina ili chete, chida chimene chinkaimba pamenepo chitasowa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Tangoganizani kwaya imene yasonkha ndalama miyezi yambiri, yajambula nyimbo 8 mwa nyimbo 10, tsiku lokhazikitsa chimbale lalengezedwa kale kutchalitchi, ndiye wojambula n'kuwauza kuti limba la m'nyimbo zonse lafufutika. Kubwerera m'mbuyo nako n'kovuta, chifukwa nyimbo imene yasungidwa mumtundu watsopano kawirikawiri imavuta kutsegula muwakale.

Ndiponso pulogalamu yatsopano imafuna kompyuta yamphamvu. Laputopu imene inkayenda bwino imayamba kudukiza mawu ndi kutentha, ndipo mwini wake amazindikira mochedwa kuti ndalama imene analipira yaitanitsa ngongole ina yaikulu, ya kompyuta yatsopano.

Izi sizikutanthauza kuti kusintha n'kulakwa nthawi zonse. Amene ankagwiritsa ntchito Cubase asanafike mtundu wa 12 amakumbukira kachipangizo ka USB kamene kankasunga chilolezo. Kakatayika kapena kuthyoka, situdiyo yonse inkaima. Cubase 12 ya mu 2022 inachotsa kachipangizoka, ndipo kwa munthu woyenda ndi laputopu m'minibasi, chimenecho chinali chifukwa chomveka cholipirira. Chifukwa china chimachokera kwa Microsoft, imene inasiya kusamalira Windows 7 mu Januwale 2020 ndi Windows 10 mu Okutobala 2025. Kompyuta ikasintha, pulogalamu yakale kwambiri ikhoza kukana kuyenda. Chachitatu ndi pamene wojambula akugwira ntchito ndi mnzake wa ku Johannesburg kapena ku Lusaka amene ali ndi mtundu watsopano, ndipo mafayilo awo sakugwirizana. Muyeso wake ndi wapafupi: ngati mnyamatayo sangathe kutchula vuto limene linamuchedwetsa mwezi watha, limene mtundu watsopanowo ukulithetsa, ndalamayo ndi bwino ipite ku maikolofoni, ku mahedifoni kapena ku batire losunga magetsi.

Za mapulogalamu akuba sizifunika mawu ambiri. Aliyense akudziwa kuti afala, ndipo amabwera ndi mavairasi amene angawononge ntchito ya makasitomala. Mphunzitsi amene akufuna kuyambitsa kalabu ya nyimbo pasukulu sayenera kuyamba ndi kuphunzitsa ana kuba, pamene Audacity ndi yaulere kuchokera mu 2000, ndipo Reaper imaperekedwa masiku 60 oyesera, kenaka chilolezo cha wojambula wamng'ono n'kugulidwa pa madola 60.

Amene waganiza mofatsa n'kusankha kusintha ayambe wamaliza chimbale chimene chili m'manja mwake. Akatero atulutse mzere uliwonse wa nyimbo zake monga fayilo ya WAV, popeza fayilo yotere imatseguka m'pulogalamu iliyonse, n'kusunga zonse pa hadidisiki ina imene sikhala yolumikizidwa ku kompyuta. Kenaka ayese mtundu woyesera, akumbukire kuti FL Studio yoyesera imalola kusunga nyimbo koma siilola kuzitsegulanso munthu asanalipire. Pulogalamu yakale asaichotse msanga. Ikhale pambali pa yatsopanoyo kufikira kwaya yomaliza italandira nyimbo zake.