Kuphiri ndi Kunyanja Sapita Munthu Yekha

Anthu a ku Mlangeni mapiri amaŵadziŵa: Chirobwe ali pafupi, ndipo chakumpoto kuli phiri la Dedza lotalika mamita 2,198. Achinyamata ofuna kuyamba kalabu yokwera mapiri ndi kupalasa panyanja ali ndi poyambira pabwino, koma lamulo loyamba nlakuti aziyenda pagulu.

Nyengo yabwino ndi chilimwe, pamene miyala siterera. Choopsa chachikulu ndi nkhungu. Pa Mulanje, pomwe nsonga ya Sapitwa imafika mamita 3,002, chiperoni chimaphimba njira mwadzidzidzi, ndipo alendo ena okwera okha anafera komweko. Tsono gulu lanzeru limaika wodziŵa njira patsogolo, wamphamvu kumbuyo, nkumayenda pa liŵiro la wofooka, ndi kuŵerengana popumira paliponse. Ku Mlangeni mtsogoleri ayeneranso kudziŵa malire, pakuti Mozambique wayambira chakumadzulo kwa mseu wa M1.

Kunyanja nchimodzimodzi. Kayaki ndi kabwato kopepuka kopalasa ndi nkhafi ya mitu iŵiri, ndipo ku Cape Maclear anthu amapita nako ku zilumba za Domwe ndi Mumbo. Mdani wake ndi mwera, mphepo yakummwera imene imautsa mafunde makamaka mu Juni ndi Julayi. Opalasa anyamuke m'maŵa, aliyense atavala jekete yoyandamitsa, ndipo asatalikirane, kuti wogubuduka apeze womvuula.

Akale anati kuyenda aŵiri si mantha. Gulu limene lanyamuka anthu 12 libwerere kumudzi lili 12.