Kodi Mumadziwa? Galu Akapinda Mchira Sakuvomera Mlandu

Tikapeza nsapato itatafunidwa, galu atagwetsa makutu n'kupinda mchira, ambiri timati akudziwa kulakwa kwake. Mu 2009, Alexandra Horowitz wa pa koleji ya Barnard ku New York anafufuza zimenezi ndi agalu 14. Mwini galu ankaletsa galu wake kudya chakudya chimene amuikira, n'kutuluka m'chipinda. Pobwerera, nthawi zina ankanamizidwa kuti galu wadya. Agalu amene anakalipiridwa ndi omwe ankaoneka amanyazi kwambiri, ngakhale omwe sanadye chakudyacho. Chimene galu amaona ndi mkwiyo wanu basi.

• Galu amagwirizanitsa mphotho kapena chidzudzulo ndi zimene wachita m'masekondi ochepa apitawo. Kumukwapula madzulo chifukwa cha nkhuku imene anagwira m'mawa kumangomuphunzitsa kukuopani.

• Akakhala pansi mutamuuza, mupatseni kachidutswa ka nyama nthawi yomweyo ndipo mumuyamikire. Khalidwe lobweretsa zabwino amalibwereza.

• Kamwana ka galu kamazolowera anthu mosavuta kakakhala ndi masabata 3 mpaka 12. Kakaona alendo, ana ndi ziweto mwamtendere pa msinkhu umenewu, kamakula kopanda mantha ambiri, ndipo mantha ndi amene nthawi zambiri amachititsa galu kuluma.

• Chaser, galu wa John Pilley wa ku South Carolina, anaphunzira mayina 1,022 a zidole zake m'zaka zitatu. Mphotho yake yaikulu inali kusewera ndi mbuye wake.