Tinayesa zatha, koma tsiku la 7 linali kutiyembekeza

Foni inalira ndili mu basi ya ku Matero, tangonyamuka pa Lumumba. Anali alamu anga, mau ali njenjenje: "Akulu anu agwa ku Johannesburg." Akulu angawo amayendetsa thiraki. Ati anangodandaula kuti mutu wawawa mwadzidzidzi monga amenyedwa ndi nyundo, anasanza, basi n'kugwa.

Madokotala anapeza kuti mtsempha wina wa mu ubongo unali ndi kathumba kotupa, kamene amati aneurysm, ndipo kanaphulika. Anakatseka ndi tumawaya tofewa. Patsiku lacitatu odwala anali kuseka pa foni, ati nsima ya kumeneko siikhutitsa. Ine ndinati zatha. Alamu anayamba kufunsa za ulendo wobwelela.

Dokotala anakana. Anati magazi amene anatayikila mozungulila ubongo amacititsa mitsempha kufinyika. Vutoli amati vasospasm, ndipo limakonda kubwela pakati pa tsiku la 3 ndi la 14. Imwe a mu basi mudziwa zimene zimacitika akatseka mbali imodzi ya Great East Road m'mawa: motoka zilipo, koma palibe wofika mu tauni. Magazi akacedwa motelo, mbali ya ubongo imafa. Ndiyo sitiroko.

Patsiku la 7 kapu inagwa m'dzanja la akulu anga, lilime linalema. Apo n'kuti akumwa kale mapilisi a nimodipine, amene amapatsa maola 4 alionse kwa masiku 21. Alamu sanayembekeze, anathamangila anesi.

Mutu sanaung'ambe. Analowetsa kapaipi koonda ngati ulusi mu mtsempha wa pamwamba pa nchafu, n'kukayendetsa mpaka mu ubongo, akuona njila pa X-ray. Atafika pofinyika anathila mankhwala omasula mtsempha. Pena amafufumitsa kabaluni kang'ono mkatimo kuti njila itseguke. Mankhwala amatha mphamvu, ndiye m'mawa mwake anabwelezanso. Dzanja linayamba kugwila.

Manje ali pa nyumba, ayenda okha, koma thiraki sanaigwile. Ndalama zimene tinasonkha monga banja sindizichula pano.

Mutu wobwela kamodzi, woposa uliwonse umene munamvapo, si wa Panado, ndi wa cipatala tsiku lomwelo. Ndipo wodwala akaseka patsiku lacitatu, musacoke pambali pa bedi.

Ine fodya ndinaleka. BP ndinapimitsa dzulo. Nanga imwe, ba kondakita?