Sipuleya yodontha imadya phindu

Mvula ikangoyamba, malonda a sipuleya amatentha pamsika wa Balaka, pa Ulongwe, ku Liwonde ndi pa Ntaja. Alimi a thonje amaifuna kuti athane ndi nsabwe ndi mbozi, a chimanga amaifuna chifukwa cha ntchemberezandonda, zomwe mu Disembala 2017 zidachititsa boma kulengeza kuti maboma 20 ali pangozi. Dzinja likatha, ntchito imasamukira m'madimba a tomato ndi masamba m'mbali mwa Shire ndi Rivirivi.

Si mlimi aliyense amene ali ndi sipuleya yake. Apa ndi pomwe ena apezerapo bizinesi: kugulitsa, kubwereketsa pa tsiku, kapena kugwira ganyu yopopera. Koma chipangizochi chikasowa chisamaliro, chimatayitsa ndalama, makasitomala, ngakhale moyo.

Pamsika pali mitundu iwiri. Wina ndi wobereka kumsana, wa malita 15 mpaka 20, womwe munthu amapopa ndi dzanja limodzi uku akuyenda. Wina ndi wocheperapo, wopachika paphewa, womwe amayamba waupopa kuti mpweya udzaze m'thanki ndi kukankha mankhwala. Mtundu wachiwiriwu sadzaza mpaka pakamwa. Pamakhala mzere woti madzi alekezere, chifukwa mpweya umafuna malo ake. Ndiponso satsegula chivindikiro mpweya ukadali m'kati, apo ayi mankhwala amathovukira kumaso. Woyamba ndi kutulutsa mpweya wonse pa kabatani kake kapena kufinya chogwirira mpaka phokoso litatha.

Wokaoda masipuleya asangoyang'ana mtengo. Funso loyamba likhale lakuti: kodi malabala, nozo, payipi ndi malamba a mtundu umenewu amapezeka pafupi? Sipuleya yotchipa yopanda zida zosinthira imasanduka chigubu labala likangotha. Ndi nzeru kuiyesa ndi madzi pomwepo pashopu, n'kuona ngati ikudontha pachivindikiro, polumikizira payipi kapena pachogwirira. Wogulitsa amene amasunganso tizida ting'onoting'onoti amamuona kasitomala wake kawiri.

Kudontha si nkhani yaing'ono. Sipuleya ya malita 16 ikamataya lita imodzi pa ulendo uliwonse, ndiye kuti pa maulendo 16 thanki yathunthu ya mankhwala yapita pachabe. Choipitsitsa n'chakuti mankhwalawo amathera pamsana wa wopoperayo, ndipo khungu la thukuta limawamwa msanga.

Wa ganyu ayeneranso kudziwa kuti sipuleya yake imatulutsa madzi ochuluka bwanji asanatchule mtengo. Ayeze malo a mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi, apoperepo madzi okha akuyenda monga mwa masiku onse, kenako aone malita amene atha ndi kuchulukitsa ndi 100. Ngati atha malita 2, hekitala imodzi ifuna malita 200, omwe ndi mathanki pafupifupi 13 a malita 16. Pamenepo mtengo wa ganyu ndi kuchuluka kwa mankhwala siziyendanso mongoganizira.

Zambiri zomwe zimaononga sipuleya zimalowera m'madzi. Madzi a mumtsinje kapena pachithaphwi amakhala ndi mchenga womwe umadya labala ndi kutseka nozo, choncho azidutsa kaye pa sefa ya pakamwa pa thanki. Nozo ikatsekeka, ambiri amaiuzira ndi pakamwa kapena kuitokosa ndi waya. Kuuzira ndi kudzimwetsa poizoni, pomwe waya amakulitsa bowo ndipo mankhwala amayamba kutha msanga. Chofunika ndi kuimasula, kuitsuka m'madzi ndi kuipukuta ndi mswachi wakale wosungidwira ntchito yokhayo.

Obwereketsa ali ndi msampha wawo. Sipuleya yomwe dzulo inapopera mankhwala opha udzu, monga glyphosate kapena 2,4-D, ikapita lero m'munda wa thonje kapena tomato osatsukidwa bwino, masamba amapiringizika ndipo mbewu imapinimbira. Thonje ndi tomato sizipirira 2,4-D ngakhale atatsalira pang'ono chabe. Mlandu wake umagwera mwini sipuleya, ndipo mbiri yoipa pamudzi sichedwa kufala. Njira yabwino ndi kukhala ndi masipuleya awiri, ina ya udzu yopakidwa penti kuti izidziwika, ina ya tizilombo. Pobweza, mwiniwake afunse mankhwala omwe anathiridwamo ndi kulemba m'kope.

Ntchito ikatha, thanki itsukidwe katatu, ndipo madzi otsukirawo apopedwe kudutsa mu payipi ndi nozo m'munda momwemo, kutali ndi chitsime, mjigo kapena mtsinje. Mankhwala osungunula kale asagone m'thanki. Sipuleya iumitsidwe chozondotsa, chivindikiro chili chomasula, n'kuisunga pamthunzi pomwe ana ndi makoswe safika, chifukwa dzuwa limaumitsa pulasitiki mpaka kung'aluka. Labala la pampu lizipakidwa girisi pang'ono kuti lisaume.

Wopopera avale malaya a manja aatali, buluku, magambuti, magolovesi a labala ndi chotchinga mphuno ndi pakamwa. Nthawi yabwino ndi m'mawa kapena madzulo, mphepo ili zii, ndipo asayende moyang'anana nayo. Kudya, kusuta kapena kumwa thobwa ntchito ili m'kati n'koopsa. Akamaliza asambe ndi sopo, zovalazo zichapidwe pazokha.

Mankhwala ngati dimethoate akalowa m'thupi, munthu amamva mutu ndi chizungulire, amatuluka thukuta ndi malovu ambiri, amasanza ndi kubanika. Mkaka si mankhwala a poizoni. Wodwalayo avulidwe zovala zonyowazo, asambitsidwe, ndi kuthamangira naye kuchipatala chapafupi, kapena chachikulu cha Balaka kapena cha Machinga ku Liwonde, atanyamula botolo la mankhwalawo kuti adokotala awerenge chizindikiro chake.

Lamulo nalo lilipo. Malinga ndi lamulo la mankhwala ophera tizilombo la chaka cha 2000, wogulitsa mankhwalawa ayenera kukhala ndi chiphaso cha bungwe la Pesticides Control Board. Kupungulira mankhwala m'timabotolo topanda chizindikiro kumamubisira wogula mlingo woyenera komanso masiku oyenera kudikira asanakolole. Masiku amenewa akukhudzanso mayi wogulitsa tomato ndi repu pamsika: pooda kudimba, ali ndi ufulu wofunsa tsiku lomwe mbewuzo zinapoperedwa komaliza. Ndipo botolo lomwe munali mankhwala lisabwererenso pabenchi ngati chopimira mafuta ophikira. Litsukidwe katatu, madziwo athiridwe m'thanki, kenako libooledwe kuti wina asadzatungire madzi akumwa.