Kuchoka ku Chileka kukafika ku Tete: mphindi 30 m'mwamba, maola anayi pansi

Munthu akakwera ndege yaing'ono pabwalo la Chileka ku Blantyre kupita ku Chingodzi, bwalo la mzinda wa Tete ku Mozambique, amafika nsima isanapse n'komwe. Mabwalo awiriwa atalikirana makilomita pafupifupi 150 okha ukayeza mowongoka.

Ndege ya injini imodzi ngati Cessna Caravan, yomwe imathamanga makilomita oposa 300 pa ola, imatha mtundawu m'mphindi pafupifupi 30. Imaoloka mtsinje wa Shire, n'kudutsa chakummwera kwa boma la Mwanza, posakhalitsa yayamba kutsikira kuchigwa cha Zambezi.

Koma pamsewu nkhani ndi ina. Galimoto yochoka ku Blantyre imayamba yalowera kumpoto kudzera ku Lunzu mpaka pa Zalewa, pomwe imakhotera kumadzulo mumsewu wa M6. Pofika ku Mwanza imakhala itayenda makilomita pafupifupi 100.

Pachipata cha Mwanza pamafunika kudinditsa pasipoti, ndipo ukafika pa Zobue umadinditsanso. Kuchoka apo patsala makilomita ena pafupifupi 120 kudzera ku Moatize, kwa migodi ya malasha. Ulendo wonse umatenga maola anayi kapena kuposerapo, malinga ndi kutalika kwa mzere wa mathiraki pamalire.

Nanga munthu wa ku Mwanza apindulanji ndi ndegeyi? Masamu ake sakumukomera. Kuti akakwere ayenera kubwerera m'mbuyo kupita ku Chileka, ulendo wa ola ndi theka kapena awiri, kukafika nthawi isanakwane, kudinditsa mapepala ndi kudikira kuti katundu apimidwe. Akatera ku Chingodzi, mpofunikanso galimoto yomuolotsa Zambezi, poti bwaloli lili kutsidya lino pomwe pakati pa mzinda pali kutsidya linalo.

Pomwe iye akutsika ndege, mnzake amene anangokwera minibasi pa Zobue amakhala atafika kale, ndalama zambiri zili m'thumba. Mayi wa geni ya manachesi kapena banja lopita kumaliro a m'bale ku Moatize, njira yawo yachidule ndi yapamsewu.

Msewu umenewu sunali wophweka chonchi nthawi zonse. M'zaka za m'ma 1980, nkhondo ili mkati ku Mozambique, magalimoto ankayenda mumdipiti moperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe, ndipo mantha anatha pangano la mtendere litasainidwa mu 1992. Mu 2014 kunatsegulidwanso mlatho wa Kassuende, womwe unapepuza wakale wa Samora Machel pochotsapo mathiraki olemera.

Ndege imathandiza kwambiri amene ali kale mu Blantyre ndipo nthawi yawathera, monga akuluakulu a makampani kapena wodwala wofunika kumuthamangitsira kuchipatala. Choncho musanasirire mphindi 30 zija, werengani nthawi yonse kuyambira pakhomo panu mpaka pakhomo la komwe mukupita.